Digiri, bootcamp kapena kudziphunzitsa nokha: ndani adzawerenge code yanu?

Ntchito yoyamba imene ndinapatsidwa nditangolowa m'timu ya olemba mapulogalamu inali yokonza deti. Pa lisiti lomwe makasitomala ankalandira pa imelo, deti inkabwerera m'mbuyo tsiku limodzi, koma osati kwa aliyense. Zinkachitikira okhawo amene agula katundu pakati pausiku patangodutsa. Ndinatha masiku atatu osalemba kalikonse, kumangowerenga. Mafayilo anali mbwee, ena olembedwa ndi anthu oti anachoka pakampanipo ine ndisanadziwe n'komwe kuti kunja kuno kuli chilankhulo cholembera mapulogalamu chotchedwa Python. Tsiku lachitatu ndinapeza gwero lake: seva, kompyuta imene pulogalamuyo inkayendapo, inkasunga nthawi ya UTC, wotchi yapadziko lonse imene makompyuta amayendera, ndiye lisiti linkangotenga nthawiyo momwe ilili, osaisintha kuti igwirizane ndi wotchi ya kumene kasitomala ali. Kukonza kwake kunali mizere inayi basi.

Ndinatumiza mizere inayiyo chimwemwe chili chodzadza tsaya. Mayi wina amene anali wamkulu m'timumo anaibweza ndi funso limodzi: "Mwayesa bwanji kuti mudziwe kuti zatheka?" Ndinawayankha kuti ndagula katundu mongoyeserera ndipo deti yatuluka bwinobwino. Iwo anati, "Mwagula nthawi yanji?" Inali 4 koloko madzulo. Nthawi imeneyo ngakhale code (malangizo olembedwa amene amayendetsa pulogalamu) yakale ija inkatulutsa deti yolondola. Anakoka mpando n'kukhala pafupi nane, tinalemba test (kapulogalamu koyesera code) yonamiza pulogalamu kuti nthawi ndi mphindi khumi pakati pausiku patadutsa, ndipo apo m'pamene zinaonekera kuti mzere wanga wachitatu nawo unali ndi vuto lake.

Anthu ambiri ofuna kulowa ntchito imeneyi amafunsa kuti ayambe ndi chilankhulo chiti, kapena njira yachangu ndi iti. Ine ndimawabwezera funso lina: panjira imene mwasankhayo, ndani adzawerenge code yanu n'kukuuzani kuti apa mwaphonya? Ntchito ya developer, wolemba mapulogalamu, si kukhala pawekha n'kumapanga zinthu zatsopano tsiku lililonse. Nthawi yambiri imathera powerenga zimene ena analemba, kusaka chomwe chathyoka, kufunsitsa mwini ntchito kuti kwenikweni akufuna chiyani, ndi kudikira mnzako aunike zimene walemba zisanaloledwe kulowa. Kuunikako si mwambo wongochedwetsa anthu. Pa 1 Ogasiti 2012, kampani ya ku America yogula ndi kugulitsa masheya ya Knight Capital inaika pulogalamu yatsopano pa maseva ake koma seva imodzi inatsala ndi code yakale; m'mphindi pafupifupi 45 inataya madola 440 miliyoni. Pa 19 Julaye 2024 fayilo imodzi yolakwika ya CrowdStrike, kampani yoteteza makompyuta, inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege zambiri osanyamuka. Wolemba anthu ntchito amafuna munthu amene angamukhulupirire pafupi ndi zinthu zotere. Choncho njira zonse zimene ndiyerekeze pano ndizipima pa sikelo imeneyi, kuwonjezera pa ndalama ndi nthawi.

Digiri ya kuyunivesite

Iyi ndi njira yakale, ndipo pa intaneti anthu amakonda kuinyoza kuti n'kutaya zaka. Sindigwirizana nawo. Digiri ya sayansi ya makompyuta imatenga zaka zitatu kapena zinayi malinga ndi dziko, ndipo zimene imaphunzitsa bwino ndi zinthu zosakalamba msanga: mmene deta imasanjidwira kuti ipezeke mwachangu, mmene operating system (monga Windows) imagawira ntchito ndi memory, mmene makompyuta amalankhulirana pa netiweki, mmene database, nkhokwe ya deta, imasungira zinthu osazisokoneza ngakhale magetsi atazima ntchito ili pakati. Taganizani kuti muli ndi mayina miliyoni imodzi ndipo mukufuna limodzi. Mukamayang'ana limodzilimodzi kuyambira pamwamba, tsiku latsoka mudzawayang'ana onse miliyoni. Koma mayinawo akakhala osanjidwa motsatira alifabeti, mumatsegula pakati, n'kutaya theka lomwe dzinalo silingakhalemo, n'kutsegulanso pakati pa theka lotsalalo. Simudzapitirira maulendo 20 musanalipeze. Munthu wodziwa zimenezi amaona vuto pulogalamu ikadali ndi makasitomala 50. Wosadziwa amadzaliona makasitomala atafika 50,000, foni ikulira usiku.

Koma pa sikelo yanga ija, digiri payokha siyenda bwino kwenikweni. Ntchito ya m'kalasi mumalemba, mphunzitsi kapena makina amachonga, mumalandira malikisi, code ija n'kutayidwa. Palibe amene adzaitsegulenso pakatha miyezi sikisi n'kukufunsani kuti apa munkatanthauza chiyani. Ndakumanapo ndi anthu okhoza bwino kwambiri koma oti Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha zonse za code, sanaigwiritsepo ntchito limodzi ndi munthu wina, chonsecho Git yakhalapo kuyambira 2005 pamene Linus Torvalds anaipanga kuti iyendetse ntchito yolemba operating system ya Linux, ndipo lero n'zovuta kupeza timu yosaigwiritsa ntchito. Kwa ine phindu lalikulu la yunivesite ndi khomo lomwe imakutsegulirani la internship. Makampani ambiri amatenga ophunzira kwa miyezi ingapo, ndipo akasangalala nawo amadzawalemba ntchito akamaliza. Wophunzira amene wachita internship kawiri, n'kumapanganso zinthu zenizeni ndi anzake, amatuluka ali patali. Amene amangolowa m'kalasi n'kubwerera kuchipinda amatuluka ndi pepala ndi nzeru zam'mutu, manja akadali anthete.

Pepalalo nalonso musalipeputse. Mabanki, maboma ndi mabungwe akuluakulu ambiri amasefa ma CV poyang'ana digiri munthu asanawerenge china chilichonse. Mukamaganiza zokagwira ntchito kudziko lina, pepalali limalemeranso. Visa ya H-1B ya ku United States imafuna digiri kapena zofanana nayo. Germany inafewetsako mu Novembala 2023, polola akatswiri a IT opanda digiri kupeza EU Blue Card, chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito kumeneko, ngati agwira ntchitoyo zaka zitatu, komano zaka zitatuzo muyenera kuzipeza kaye kwinakwake. Kwa amene sangasiye ntchito kuti abwerere kusukulu, kuli madigiri a pa intaneti: University of London ili nayo ya makompyuta yodzera pa webusaiti ya maphunziro ya Coursera kuyambira 2019, ndipo Georgia Tech inayamba mu 2014 masters ya pa intaneti yotchipa kwambiri poyerekeza ndi ya pasukulupo. Pepala mudzalipeza, koma internship ndi anzanu oti muzilimbana nawo code muyenera kudzisakira nokha.

Bootcamp

Mabootcamp anabwera ndi lonjezo lokoma: tipatseni miyezi itatu kapena sikisi, m'mawa mpaka madzulo, tikusandutsani developer. Imodzi mwa zoyambirira, Dev Bootcamp, inatsegulidwa ku San Francisco mu 2012, nthawi imene makampani ankalimbirana aliyense wodziwa kupanga webusaiti. Inatsekedwa mu 2017.

Zimene bootcamp yabwino imapereka n'zenizeni ndithu. Muli ndi ndandanda yotsatira, simudzuka n'kumadzifunsa kuti lero ndiphunzire chiyani. Muli ndi anzanu amene akupunthwa pamalo omwewo. Kawirikawiri mumagwira awiriawiri pa kompyuta imodzi, wina akulemba wina akuyang'anitsitsa, ndipo mphunzitsi amawerenga zimene mwalemba. Pa sikelo yanga milungu imeneyo ndi yolemera. Vuto n'lakuti ndi milungu chabe. M'miyezi itatu mungaphunzire kupanga webusaiti ndi zida ziwiri zitatu zomwe zili m'fasho chaka chimenecho, koma zakuya zija za mayina miliyoni zimangokhudzidwa pamwamba. Mtengo nawo ndi wolemetsa: mabootcamp ambiri a ku America amalipiritsa madola oposa 10,000, osawerengera kuti miyezi yonseyo simukulandira malipiro kwina kulikonse.

Ena anabwera ndi nzeru yoti musalipire kanthu poyamba. Lambda School, yomwe pambuyo pake inasintha dzina kukhala BloomTech, inatchuka ndi mgwirizano woti wophunzira azidzapereka 17 peresenti ya malipiro ake kwa zaka ziwiri akapeza ntchito ya madola 50,000 kapena kuposa pachaka. Zinkamveka ngati sukulu singadye wophunzira asanadye. Mu Epulo 2024 bungwe la boma la America loteteza anthu pa nkhani za ngongole, CFPB, linalanga sukuluyi ponena kuti inkabisa zoti mgwirizanowo ndi ngongole komanso inkakokomeza chiwerengero cha ophunzira ake opeza ntchito. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti mabootcamp onse ndi otero, koma musanasaine chilichonse funsani mafunso osasangalatsa. Akakuuzani kuti ophunzira ambiri amapeza ntchito, funsani kuti akuwerengera onse amene anayamba kapena okhawo amene anamaliza. Funsani kuti ndi ntchito ya developer kapena ntchito iliyonse. Funsaninso ngati akuwerengera amene sukulu yomweyo yawalemba ganyu yothandiza aphunzitsi. Kenako pemphani kulankhula ndi anthu omaliza chaka chatha, osati a zaka zisanu zapitazo.

Chaka chimene munthu anamaliza chili ndi kanthu chifukwa msika unasintha. Mu Novembala 2022 Meta inachotsa antchito 11,000. Mu Januwale 2023 Google inalengeza zochotsa 12,000, Microsoft 10,000, Amazon 18,000. Si onse anali olemba mapulogalamu, koma anthu odziwa ntchito anachuluka pamsika, ndipo wa miyezi itatu anapezeka akulimbirana mpando umodzi ndi munthu wa zaka zisanu. Kwa ine bootcamp imagwira bwino ntchito kwa munthu amene waphunzira kale payekha miyezi ingapo, wadziwa kuti ntchitoyi amaikonda, ali ndi luso lina lochokera ku ntchito yake yakale, ndipo ndalama yake si yangongole yoti imusowetse tulo. Kwa munthu amene sanalembepo mzere n'umodzi womwe, kulipira ndalama zochuluka chonchi n'kutchova juga.

Pali mtundu wina wa sukulu umene anthu amausakaniza ndi mabootcamp pamene ndi wosiyana. Sukulu ya 42 inakhazikitsidwa ku Paris mu 2013 ndi Xavier Niel, ndipo pano ili ndi nthambi m'mayiko ambiri. Silipiritsa fizi ndipo ilibe aphunzitsi oima kutsogolo. Kuti mulowe mumadutsa mayeso otchedwa piscine, mawu a Chifalansa otanthauza dziwe losambiramo: amakuponyani m'chilankhulo cha C kwa milungu inayi kuti aone ngati musambire. Mukalowa, ntchito iliyonse imene mwalemba amaunika ndi ophunzira anzanu, ndipo muyenera kuifotokoza pamaso pawo mpaka akhutire. WeThinkCode_ ya ku Johannesburg inayamba potsatira njira yofananayo. Pa funso langa lija, masukulu awa amayankha bwino kuposa ambiri. Kungoti kusalipira fizi sikutanthauza kuti simudya kapena kulipira nyumba, ndipo maphunziro ake ndi a chaka ndi kuposa, osati a milungu.

Kudziphunzitsa nokha

Iyi ndi njira imene ndinayambira ine, ndiye ndiikamba mosaiikira kumbuyo. Zophunzirira zaulere zilipo zambiri mwina kuposa zimene munthu angamalize moyo wake wonse. CS50 ya Harvard, yomwe amaphunzitsa David Malan, imakuyambitsani ndi C kenako Python ndi SQL, chilankhulo chofunsira database, ndipo ntchito zake n'zotulutsa thukuta. freeCodeCamp, yomwe Quincy Larson anayambitsa mu 2014, imakutengani pang'onopang'ono pa zopanga mawebusaiti. The Odin Project imakukakamizani kuika zida pa kompyuta yanu ndi kugwiritsa ntchito Git kuyambira pachiyambi, chinthu chomwe ndimachiyamikira kwambiri. MIT OpenCourseWare ili ndi maphunziro a kuyunivesite enieni. Chofunika ndi kompyuta, ngakhale yakale, intaneti, ndi maola awiri atatu patsiku kwa chaka kapena kuposa. Chaka, osati milungu.

Msampha wake ndinagweramo ndekha. Miyezi isanu yoyamba ndinkaonera mavidiyo. Mphunzitsi akalemba, ine kulemba. Akadina, ine kudina. Pulogalamu ikuyenda, mtima wanga uli mbee. Ndinamaliza makosi anayi. Tsiku lina ndinaganiza zopanga kapulogalamu kanga kowerengera maola amene ndagwira ntchito pamlungu. Ndinatseka vidiyo, ndinatsegula fayilo yatsopano, n'kukhala duu kuyang'ana kamzere kophethira kaja kwa mphindi makumi awiri. Poyambira sindinapaone. Ndinali ngati munthu amene wakhala akuyimba motsatira wailesi, wailesi itazima mawu onse n'kuthawa.

Chinandichiritsa n'kupanga chinthu choti munthu wina, osati ine, agwiritse ntchito. Munthu weniweni amadina pamene simunaganizire, amalemba dzina m'bokosi la nambala, amatseka pulogalamu ntchito ili pakati, kenako amakuyimbirani kuti chinthu chanu chija chafa. Pa sabata imodzi yotere mumaphunzira zambiri kuposa kosi yathunthu. Chachiwiri ndi mapulogalamu a open source, amene code yake ili poyera ndipo aliyense angathandize kukonza. Pa GitHub, webusaiti yosungirapo code yomwe inayamba mu 2008, mapulojekiti ambiri amaika chizindikiro pa ntchito zing'onozing'ono zoyenera woyamba kumene. Mumakonza, mumatumiza pull request, pempho loti alandire zimene mwakonzazo, ndiye munthu woti simunamuonepo, mwina ali tsidya lina la nyanja, amakuyankhani kuti dzina ili silikumveka, apa mwaiwala test, apa tsatirani mmene ena analembera. Zimapweteka poyamba, koma kwa wodziphunzitsa yekha amenewa ndiwo aphunzitsi ake. Ena amafika polipidwa nazo: Google Summer of Code yakhalapo kuyambira 2005 ndipo kuyambira 2022 imalandiranso anthu oti si ophunzira, pamene Outreachy imapereka internship ya miyezi itatu yolipidwa, yogwirira kunyumba, kwa anthu a m'magulu amene sapezekapezeka m'ntchitoyi.

Za chilankhulo choyambira musatayepo tulo. JavaScript, yomwe Brendan Eich anailemba ku Netscape mu 1995, ndi imene imayenda mu browser iliyonse, ndiye ngati mukufuna mawebusaiti simungaithawe. Python ya Guido van Rossum, yotuluka mu 1991, ndi yosavuta kuwerenga ndipo ili ponseponse pa ntchito za deta. Sankhani chimodzi, mukhale nacho chaka chathunthu, n'kuwonjezerapo SQL, chifukwa pafupifupi ntchito iliyonse ili ndi database kumbuyo kwake. Zilankhulo sizifa msanga monga amakuopsezerani: COBOL ndi ya 1959 koma mpaka pano ikuyendetsa ndalama m'mabanki ena. Amene amasintha chilankhulo mwezi uliwonse amadziwa kupereka moni m'zilankhulo khumi koma sangathe kucheza m'chimodzi chomwe.

Kuipa kwa njirayi n'kwakuti mulibe pepala, ndiye CV yanu imatha kugwa pa sefa yoyamba munthu asanaione. Palinso mabowo amene simudziwa kuti muli nawo, chifukwa munkasankha nokha zophunzira, ndipo munthu sasankha zomuvuta. Ine ndinatha zaka ziwiri ndikuzemba nkhani ya mmene netiweki imagwirira ntchito, mpaka tsiku lomwe pulogalamu inkayenda pa laputopu yanga koma pa seva n'kumakana. Ndinachita manyazi kufunsa, ndinataya masiku awiri pa chinthu chomwe mnzanga anachiona m'mphindi zisanu. Safunsa anadya phula.

Kulowa kudzera ntchito yoyandikana nayo

Njira iyi satchulatchula chifukwa palibe amene amaigulitsa. M'kampani iliyonse yopanga mapulogalamu muli anthu ambiri okhala pafupi ndi code osailemba: oyesa mapulogalamu asanatuluke, othandiza makasitomala, osanthula deta pa Excel, oyang'anira makompyuta ndi maseva. Ntchito zimenezi khomo lake n'lotambasukako. Ine ndinalowera pa desiki yothandiza makasitomala. Anzanga akalandira dandaulo ankangolemba kuti kasitomala akuti sizikutheka. Ine ndinayamba kulemba masitepe onse oti vutolo libwerenso, kuphatikiza mzere wa mu log (fayilo imene pulogalamu imalembamo zochitika zake) umene ukusonyeza pamene zathyokera. Patapita nthawi ndinapempha kuti andilole kuwerenga code, ndipo ndinayamba kuwonjezera kuti ndikuganiza kuti vuto lili mu fayilo yakuti. Nthawi zina ndinkaphonya, nthawi zina ndinkalasa. Tsiku lina mmodzi wa ma developer anandiuza kuti, "Poti mwalipeza kale, bwanji mungolikonza?"

Ubwino wake ndi woonekeratu. Mukulandira malipiro uku mukuphunzira, code imene mukuwerenga ndi yeniyeni yokhala ndi zipsera zake zonse, ndipo oiunika mukukhala nawo chipinda chimodzi. Mumadziwanso bizinesi yake, chinthu chimene developer wochokera kunja amatenga miyezi kuti achimvetse. Apa m'pamene anthu osintha ntchito ali ndi mwayi umene sauwerengera. Wowerengera ndalama amene waphunzira Python amadziwa chifukwa chimene mabuku ayenera kugwirizana mpaka kandalama komaliza. Namwino amadziwa zimene zimachitika mu wodi pulogalamu ikafuna kudina kasanu pa chinthu chofunika kudina kamodzi. Musataye zaka zanuzo ngati kuti mukuyambira pa ziro.

Choopsa chake n'kumatirira. Mukakhala woyesa mapulogalamu waluso, bwana wanu sangafune kukutayani, ndiye lonjezo loti mudzasamukira kwa ma developer limangosunthidwa chaka ndi chaka. Pemphani chinthu chogwirika: tsiku limodzi pamlungu logwira ntchito ya code, dzina la amene aziunika, ndi mwezi umene mudzakhalenso pansi kukambirana. Komanso onetsetsani kaye kuti kampaniyo ili ndi olemba mapulogalamu akeake. Ngati zonse amagula kunja, mungakhalepo zaka khumi osaona mzere umodzi.

Pachibale ndi njirayi pali uprentisi, kumene kampani imakulembani dala kuti ikuphunzitseni uku ikukulipirani. Ku Germany maphunziro a Fachinformatiker amatenga zaka zitatu, masiku ena kukampani ena kusukulu ya ntchito zamanja. Ku England kuyambira 2015 kuli uprentisi womaliza ndi digiri, wophunzira osalipira fizi. Microsoft nayo ili ndi pulogalamu yotchedwa Leap ya anthu obwera kudzera njira zosazolowereka. Pa sikelo yanga palibe njira yoposa iyi, koma malo ake ndi ochepa, opikisana ndi ambiri, ndipo kawirikawiri muyenera kukhala ndi ufulu wogwira ntchito m'dzikolo.

Nanga makina olemba okha code?

Palibe amene angayerekeze njirazi lero osatchula AI. GitHub Copilot inatuluka mu 2021, ChatGPT kumapeto kwa Novembala 2022, ndipo zida zotere zimalemba m'masekondi code imene kale ankapatsa woyamba kumene kuti aphunzirirepo. Zimenezi zapanikiza khomo la oyamba, sitingabise. Koma taonani chimene chatsika mtengo: kulemba. Chimene chakwera mtengo ndi kuwerenga, kudziwa kuti mizere yooneka bwinoyi ili ndi bodza pati. Makina akanatha kundilembera mizere inayi ija ya deti, mwinanso bwino kuposa ine, koma panafunikabe munthu wofunsa kuti mwagula nthawi yanji.

Kwa wophunzira, chida chimenechi chingakhale mphunzitsi woleza mtima kapena wailesi ija yoyimba m'malo mwanu. Mukachifunsa kuti chikufotokozereni uthenga wa error umene simukuumvetsa, kapena chikusonyezeni pofooka pa code imene mwalemba nokha, mwapindula. Mukachiuza kuti chikulembereni ntchito yonse ya CS50, mwadzibera nokha. Dziwaninso kuti chimatha kuyankha molimba mtima chikulakwitsa, ndipo nthawi zina chimangovomereza zimene mwanena. Sichingalowe m'malo mwa mnzanu amene adzavutike ndi code yanu mawa lake.

Pofika pa intavyu

Njira zonsezi zimakathera pa tebulo limodzi. Makampani ena amakupatsani funso la masamu a code kuti muliyankhe akukuyang'anani, ndipo apa wa digiri amakhala ndi mwayi pokhapokha enawo atakonzekera dala. Ena amakupatsani kantchito kokachitira kunyumba. Pafupifupi onse amakufunsani za chinthu chimene munapangapo. Ine ndikamayang'ana GitHub ya munthu wofuna ntchito, mapulojekiti khumi okopera m'mavidiyo sandiuza kanthu, chifukwa onse amafanana ngati mayunifolomu. Ndimafuna imodzi yokha yomwe wakhala akubwererako miyezi ingapo, yokhala ndi malangizo a mmene ndingaiyendetsere, ma test angapo, ndi mbiri yosonyeza kuti china chinathyoka ndipo anachikonza. Kenako ndimafunsa kuti n'chiyani chimene angasinthe atati ayambirenso. Wokopera amasowa chonena. Mwini wake amayamba kudandaula za code yake yomwe, ndipo apo ndimadziwa kuti tigwirizana.

Mukandikakamiza kuti ndisankhe, ndinganene motere. Wachinyamata amene angathe kupita kuyunivesite osamira m'ngongole apite, koma internship aisake kuyambira chaka chachiwiri ngati kuti digiriyo yagona pamenepo. Amene ali kale pantchito, ali ndi banja lomudalira, asasiye ntchito chifukwa cha chikwangwani cha bootcamp. Ayambe ndi CS50 kapena The Odin Project madzulo, aone ngati pakatha miyezi itatu akadali ndi chilakolako, kenako asake ntchito yoyandikana ndi code m'gawo la ntchito limene akulidziwa kale. Amene ali pafupi ndi sukulu ngati 42 kapena kampani yopereka uprentisi ayese kumeneko kaye asanatulutse ndalama kwina. Ambiri amene ndagwira nawo ntchito anasakaniza njira ziwiri kapena zitatu, ndipo pakatha zaka zitatu pantchito palibe amene amafunsanso kuti unalowera kuti.

Ntchito yoyamba ikapezeka, funso lomwe lija lifunseninso. Kampani yaing'ono ingakulonjezeni udindo wonona ndi malipiro okwererapo kuti mukhale developer yekhayo pamalopo. Kwa woyamba kumene zimenezi ndi zaka ziwiri zobwereza zolakwa zomwezo popanda wokudzudzulani, ndipo seva ikagwa usiku foni yolira ndi yanu. Bola malipiro ocheperako m'timu ya anthu anayi asanu okhala ndi wamkulu wawo. Pa intavyu, akakufunsani ngati muli ndi funso, funsani kuti code ikalembedwa imadutsa m'manja mwa ndani isanafike kwa makasitomala, komanso kuti woyamba kumene amene anamulemba komaliza pano akugwira ntchito yanji. Akayankha kuti aliyense amangoika yekha pa seva akamaliza, funsaninso kuti developer amene mukulowa m'malo mwakeyo anachokeranji.